Matayala Anayi a Malemu Gherasim

Gherasim anamwalira mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, galimoto yake ili ndi matayala a nyengo yotentha. Nthawi imeneyo panalibe woganizako za matayala. Mkazi wake, Veturia, anachita zonse zimene wamasiye wa kwathu ku Runcu amayenera kuchita. Patatha masiku makumi anayi anapereka pomana, kugawira anthu zinthu m'dzina la malemuyo, paja chimene wapatsa wamoyo kuno, wakufa amachilandira uko. Anapereka jekete laubweya, nsapato zazitali, chipewa, bulangete, mbale ndi supuni yake, ngakhale magalasi owerengera nyuzipepala. M'mapiri onse a Apuseni simukanapeza mkazi wosaiwala kanthu ngati Veturia, ndipo mwiniwake ankazidziwa zimenezo kuposa mmene zinafunikira.

Novembala atalowa, mphepo itayamba kununkhira sinowo, chipale chofewa chija cha m'chisanu, Gherasim anayamba kumubwerera kutulo. Sankabwera usiku ngati akufa ena aulemu wawo. Ankabwera masana, nthawi imene ankadutsira ndi buledi ali moyo, Veturia akangoyamba kusinza pafupi ndi chitofu atatha kudyetsa nkhosa. Malotowo sankasintha. Msewu woyera wokwera phiri, mitengo ya paini italemedwa mpaka nthambi kugunda pansi, ndi kavani kobiriwira kamene Gherasim anagawira buledi m'midzi ya kumtunda kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Injini inkalira, matayala akuzungulira pamalo amodzi, kenako kavaniko n'kutsetsereka chambuyo pang'onopang'ono. Gherasim ankatsitsa galasi, atavala jekete lija la pomana, n'kumuyang'ana mkazi wake ndi nkhope imene ankaonetsa supu ikachepa mchere. Ankangoloza pansi, kumatayala.

"Mukanadikira Disembala kuti mufe, bwenzi zonsezi kulibe," Veturia anauza mpando wa mwamuna wake atadzidzimuka tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Koma mumtima ankadziwa mwini mlandu. Matayala a m'chisanu a Gherasim anali pabwalo pomwepo, opakidwa penti yoyera, odzaza ndi dothi. Mu Meyi mwamunayo anawachotsa n'kuwasanjika kuseri kwa khola, akunena kuti akadali ndi mphamvu ya chisanu chimodzi. Veturia anawayang'ana n'kuona kuti mano awo atha ngati a nkhalamba, ndipo nthawi imeneyo n'kuti mkazi wa wansembe atadzala kale maluwa m'matayala asanu ndi limodzi. Gherasim pobwera madzulo anapeza maluwa ofiira atandandalika m'mbali mwa kanjira. Anaima, nakanda m'mutu. "Chabwino, ndidzagula atsopano nthawi ikayandikira," anatero. Nthawiyo inafika iye kulibe.

Kavani kenikeniko kanali kakuyendabe. Mwana wawo wokhala kunja kwa dziko, ku Torino, anakagulitsa patangopita sabata maliro ataikidwa, kwa Pantelimon, mwamuna wamtali wa mudzi wa kumunsi, amene anatenganso ntchito yogawa buledi. Kuyambira pamenepo Veturia sanamuyankhulepo. Ankaphika yekha buledi kuti asatuluke pachipata. Chimene chinkamupsetsa mtima kwambiri n'chakuti Pantelimon ankaliza hutala katatu, pomwe Gherasim zaka zonse ankaliza kawiri basi.

M'mawa umene wailesi inalengeza kuti sinowo agwa masana, Veturia anamanga mpango wake wakuda, naika kandulo zinayi m'chikwama, natsika phiri kukakwera minibasi ya kutauni.

Ife a m'mapiri timadziwa kuti sinowo amagwa chaka chilichonse, koma timadikira mpaka wailesi itiuze, kenako tonse n'kuthamangira kwa Tanase tsiku limodzi ngati nkhosa pachipata chimodzi. Magalimoto anali atafola kuchokera pagalaja yake mpaka kumlatho. Tanase, wokonza matayala, anali mnzake wa Gherasim kuyambira kusukulu, munthu wonenepa amene manja ake sanayerepo ngakhale patsiku la ukwati wake. Atamuona Veturia akudutsa pakati pa magalimoto anakweza sipanala m'mwamba.

"Alamu! Mwasochera kapena? Kapena maluwa aja afuna miphika ina?"

"Pakamwa panupo m'pamene pakufunika chigamba, osati pamatayala," Veturia anayankha. "Ndikufuna matayala a m'chisanu. Ndi a amuna anga."

Tanase anatsitsa sipanala, navula chipewa. Sanadabwe. Mayi ake enieni, atamwalira, anavutitsa banja lonse kutulo mpaka anawaperekera ambulera.

"Akubwera?"

"Tsiku lililonse. Akukanika kukwera chikweza. Galimoto ikungoterereka."

Tanase anauza anthu a pamzere kuti adikire. Wina anaombera m'manja mwaukali, wina anatukwana chapansipansi, koma iye anamulowetsa Veturia mkati, m'chipinda chonunkha mphira mmene matayala anasanjikizana mpaka kudenga. Anamukhazika pampando wochotsedwa m'galimoto ina yakale, namupatsa tiyi m'kapu yothimbirira.

"Tayala sagula ngati chipewa, alamu. Kukula kwake ndikukudziwa, kavani kaja ndakagwira kuposa mkazi wanga. Koma ndiyenera kudziwa msewu wake. Tsinzinani, mundiuze. Sinowo wake ndi wotani, wofewa kapena wopondedwa?"

Veturia anatsinzina. M'chipindamo munali motentha, ndipo phokoso la makina a panja linayamba kumveka ngati lakutali. Msewu uja unabwera wokha, osauitana.

"Pamwamba ndi wofewa. Wofika m'mawondo. Koma pamene matayala akumba, pansi pakunyezimira."

"Ndiye kuti pali ayezi. Mchere womusungunulira amathira mumsewu kumeneko?"

"Mchere? Ku Runcu kwa amoyo sunafikepo, ndiye ukayambire kwa akufa?"

"Ndangofunsa. Anyamula chiyani?"

"Buledi. Wodzaza. Ndikumva ndi fungo lomwe."

"Buledi salemera, ndiye kumbuyo kukupepuka. Akuthamanga?"

"A Gherasim? Ngakhale anthu opita ndi maliro ankawapitirira."

Tanase anaseka pang'ono, napukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "China chimene mukuona n'chiyani?"

"Msewu ukukhota. Pokhotapo pali mtanda wathabwa, wopendekeka. Madzi akutuluka m'thanthwe n'kudutsa msewu, aundana. Pathanthwepo pali kapu yachitsulo yomangidwa ndi tcheni, ndipo..."

Anasiyira pomwepo, natsegula maso. Tanase anali akumuyang'ana, chipewa chili pamimba.

"Alamu, amenewo si malo a kwa akufa. M'pakasupe paja, kunsi kwa nyumba yanu."

Veturia ankadziwa. Anadziwa kuyambira tsiku loyamba, koma sanauze munthu, ngakhale wansembe. Msewu umenewo ukachoka pakasupe umakwera n'kudutsa pachipata chake, n'kupitirira kunyumba zomaliza za Runcu, ndipo ukadutsa pamenepo umathera m'mitengo, kumsana kwa phiri kumene kumangofika abusa a nkhosa ndi mitambo. Gherasim sanali kutali. Anali pamtunda woti munthu akhoza kumva galu wa pakhomo pake akuuwa.

Tanase analowa pakati pa milu ija n'kugubuduza matayala atatu, nawaimika patsogolo pake.

"Ili," anamenya loyamba ndi chikhatho, "amati ndi la nyengo zonse. Ndi la anthu a mumzinda, amene sinowo amamuonera pazenera atagwira khofi. Kwawoko ndi labwino, sindikunyoza. Kwanuko lifika pakasupe n'kuyamba kuvina pomwepo, monga akuchitiramu."

"Lichotseni."

"Ili ndi la m'chisanu ndithu, koma la misewu yaikulu yothira mchere. Taonani kutambalala kwake. Pamadzi ndi pamatope a sinowo wosungunuka silinama. Woyendetsa akakhala wofatsa ngati mnzanga uja, pakasupe adutsa, ndipo pachipata chanu afika. Koma kupitirira apo ayi. Chikweza cha kuseri kwa khola lanu chija silingakwere. Aima pachipata basi."

Veturia sananene kuti alichotse. Anaika dzanja pamwamba pake.

"Lachitatuli ndi la kwathu kuno," Tanase anapitiriza. "Ndi lopyapyala, limacheka sinowo mpaka kukapeza pansi m'malo moyandama pamwamba. Mano ake ndi akuya. Tadinani apa ndi chala. Mwamva kufewa? Kukazizira mpaka mphuno kumatirira, mphira imeneyi siuma. Timing'alu iti n'timene timagwira pa ayezi. Pa tala limalira ngati njuchi ndipo limatha msanga, koma amuna anu tala ankamuona kangati? Ili likwera mpaka kumsana kwa phiri, osayang'ana m'mbuyo."

Pambali pa tayalalo panali kachithunzi kakang'ono ka phiri la nsonga zitatu. Veturia anakasisita ndi chala cha dzanja lamanzere, koma lamanja linali lidakali pa lachiwiri lija.

Tinene zoona, ankafuna lachiwirilo. Ankalifuna ndi mtima wake wonse. Anaona mmene zikanakhalira: masana alionse, chisanu chonse, kavani kobiriwira kakuima pachipata, hutala kawiri, Gherasim akutsitsa galasi. Mwina akanatsika. Mwina akanaguguda nsapato pakhomo n'kudandaula za supu. Miyezi itatu ya nyumba yopanda chifuwa cha munthu wina inali itamutopetsa kuposa mmene ankavomerera, ndipo ngakhale maloto a matayala oterereka aja, ngakhale ankamuzunza, ankawadikira ngati mtsikana wodikira bwenzi. Ndani akanamudzudzula? Matayala a m'chisanu ndi a m'chisanu, pomana ndi pomana. Ngakhale wansembe sakanasiyanitsa.

Koma Veturia sankaiwala kanthu, ndipo tsoka lake linali lomwelo. Anakumbukira lamulo limodzi limene Gherasim anali nalo pamoyo wake wonse woyendetsa: pachikweza suima. Ukaima, wakhala mpaka Epulo. Masiku a sinowo wambiri sankaima ngakhale pachipata cha nyumba yake yomwe. Ankaliza hutala ali kumunsi, Veturia n'kuthamangira panja atatambasula epuloni, ndipo iye podutsa ankaponya buledi pazenera n'kupitirira kunyumba zomaliza. Kamodzi kokha anaima, chaka chimene Veturia anali ndi pakati, ndipo kavaniko kanakhala pamenepo masiku khumi ndi awiri, anthu a kumtunda akudya mbatata zokha. Munthuyo sanadye bwino masiku onsewo. Ankangotuluka kukayang'ana chikweza, manja ali m'thumba.

Anachotsa dzanja pa tayala lachiwiri.

"Ndipatseni lopyapyalalo."

"Mwamva bwino zimene ndanena, alamu? Saima."

"Ndamva. Si ine gonthi. Walira mvula walira matope."

Tanase anavala chipewa, nachivulanso. "Ndiye wolandira ndani? Kuno kwathu kavani kolowa matayala a kukula kumeneku n'kamodzi kokha, ndipo mwini wake mukumudziwa."

"Muimbireni," Veturia anatero, nkhope itayang'ana kukhoma.

Pantelimon anafika pasanathe theka la ola, atangochoka kophikira buledi. Atatsika n'kuona amene wakhala m'chipindamo, anatsala pang'ono kubwerera. Matayala a kavaniko anali omwe aja a mu Ogasiti, osalala ngati dazi. Pakalilole wa mkati pankalendewerabe kamtanda ka Gherasim, ndipo Veturia ataona kuti sanakachotse, mkwiyo wake unaphwa pang'ono, ngakhale sanafune kuti ziwoneke.

"Lele Veturia, mwadzuka bwanji?" anatero Pantelimon, maso ali pansi, pomutchula mwaulemu monga timaitanira amayi achikulire kwathu kuno.

"Ndadzuka. Iwe, umafuna kukwera ku Runcu lero ndi zinthu izi? Ukufuna upite ndi buledi wa mudzi wonse kuphompho?"

"Ndimati ndigule awiri akutsogolo mwezi ukatha. Awiri amakwana, ndi amene amakoka."

"Tamumvani dokotala!" Tanase anafuula. "Awiri akutsogolo! Ndiye potsika, kumbuyoko kukafuna kukupitirira kuti kukafike msanga kutauni, udzakuuza chiyani? Anayi, mphwanga. Hatchi saiveka nsapato ziwiri."

Atamuuza chimene amuitanira, Pantelimon anafiira mpaka m'makutu. "Ine si wopemphapempha, lele. Jekete munthu angalandire, koma matayala anayi atsopano?"

"Ndani wati ndi ako? Ndi a amuna anga. Iwe ungowayendetsa."

Pomana sakana, ngakhale munthu wonyada bwanji. Veturia anatulutsa kandulo zake, natuma Pantelimon kukatenga buledi anayi m'kavani. Anaika buledi pamwamba pa tayala lililonse, nazika kandulo pakati pake.

"Moto m'nyumba ya mphira ndi guluu!" Tanase anadandaula. "Mukufuna tonse tikamupeze Gherasim lero lomwe?" Koma machesi anatulutsa ndi iyeyo.

Anthu a pamzere, amene anali atatopa ndi kutukwana, anaunjikana pakhomo. Ataona kandulo anavula zipewa. Veturia anagubuduza tayala loyamba, buledi ndi kandulo zili m'dzanja lina.

"Likhale la mzimu wa Gherasim."

"Mulungu alandire," anayankha Pantelimon.

Anatero kanayi. Pa tayala lachinayi Veturia anaima asanatchule dzina la mwamuna wake, ndipo Pantelimon anayankha asanamalize, kuti amuchepetsere ntchito. Kenako Tanase anakweza kavaniko pa jeke, osasamala za mzere, ndipo panalibe amene anadandaula.

Sinowo anayamba kugwa iwo akutuluka m'tauni. Pantelimon anapempha Veturia kuti akwere naye, ndipo iye anakhala pampando umene anakhalapo kambirimbiri, chikwama chili pamiyendo. Pa tala matayala ankalira ngati njuchi, monga ananenera Tanase. Atapatukira kumsewu wa kuphiri phokosolo linatha. Kunja kunayera mbali zonse, mitengo ikutuluka m'chifunga umodziumodzi n'kubwereramo, ndipo fungo la buledi wotentha linadzaza m'galimotomo. Zinkakhala ngati sakuyenda pansi.

Pakasupe madzi anali ataundana kale kudutsa msewu. Veturia anagwira chitseko mwamphamvu. Mtanda wopendekeka unabwera, kapu yachitsulo inabwera, ndipo zonse zinatsalira m'mbuyo. Kavaniko sikanagwedezeke n'komwe.

Pachipata Pantelimon anaima kuti amutsitse.

"Waimiranji pachikweza, wopusa iwe?"

"Nanga mudumphe, lele?"

Veturia anatsika. Asanatseke chitseko anati, "Mawa undisiyire buledi mmodzi. Ndipo hutala ndi kawiri, osati katatu. Kuno si kuukwati."

Anaima m'sinowomo kudikira kuti aone kavaniko kakuvutika kunyamuka. Sikanavutike. Matayala anagwira pansi, ndipo kanakwera chikweza cha kuseri kwa khola ngati kakuyenda pabwalo la tchalitchi.

Analowa m'nyumba, nasonkha moto, nakhala pampando wake osavula mpango. Ankaopa kugona, ndipo ankaopanso kusagona. Tulo tinamutenga asanasankhe.

Ulendo uno sanali pakasupe. Anali pachipata chake, atavala epuloni, sinowo akugwa mwakachetechete. Kumunsi hutala inalira kawiri. Nyali ziwiri zinakhota pamtanda paja osazengereza n'kuyamba kukwera, zikukula pang'onopang'ono. Anamuona Gherasim kuseri kwa galasi, atavala chipewa cha pomana, magalasi owerengera ali pamphumi pomwe ankawaiwalira nthawi zonse. Nkhope ya supu yochepa mchere ija inali itachoka. Ankayang'ana kutsogolo ngati munthu amene ntchito ikumuyendera.

Veturia anafuna kufuula kuti aime, ngakhale pang'ono pokha. Anatsegula pakamwa, koma manja ake, amene ankadziwa bwino kuposa iye, anali atatambasula kale epuloni.

Galasi linatsika. Buledi anauluka n'kugwera pa epuloniyo, wotentha mpaka kumva pamimba. Gherasim anakweza zala ziwiri pachiwongolero, monga ankachitira, ndipo kavaniko kanadutsa. Kanakwera kuseri kwa khola, kanapitirira nyumba zomaliza, kanalowa m'mitengo kumene msewu umathera, ndipo sikanaime. Tinyali tofiira takumbuyo tinaoneka pakati pa paini, kenako pamwamba pake, kumsana kwa phiri, mpaka sinowo anatiphimba. Pansi panatsala mizere iwiri yoongoka, mano a matayala akuoneka bwinobwino.

Anadzidzimuka manja atapindika pamimba, mulibe kanthu. Moto unali utazilala.

Mawa lake anadyetsa nkhosa msanga, nakhala pampando nthawi yomwe ija. Anagona ola lathunthu. Sanalote chilichonse, ngakhale msewu. Mkuja wake zinali chimodzimodzi. Tsiku lachitatu atadzuka anakhala kanthawi akuyang'ana mpando wa mwamuna wake.

"Mwafika eti," anatero. "Ngakhale kutembenuka osatembenuka."

Ndipo analira, kulira kumene sanalire pamaliro chifukwa chotanganidwa ndi kuwerenga mbale za alendo. Akulira choncho, kumunsi kwa phiri hutala inalira kawiri. Veturia anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, namanga epuloni, natuluka kukaima pachipata.